Wodwala sanenerera mtengo

Mu 1923, akatswiri atatu amene anatulukira insulin ku Canada, Frederick Banting, Charles Best ndi James Collip, anagulitsa umwini wa mankhwalawa ku yunivesite ya Toronto pamtengo wa dola imodzi aliyense. Ankafuna kuti munthu wodwala shuga asafe chifukwa cha umphawi. Zaka pafupifupi 100 zitadutsa, ku America kabotolo kamodzi ka insulin wotchedwa Humalog, kamene mu 1996 kanali pa madola 21, kanali katafika pa madola pafupifupi 275. Mankhwala anali omwewo, kabotolo sikanakule. Odwala ena ankachita kukwera basi m'magulu n'kuwoloka malire kupita ku Canada, kumene insulin yemweyo ankapezeka motsika mtengo kwambiri. Amene analibe mwayi umenewo ankachepetsa mlingo wobaya kuti kabotolo kachedwe kutha, ndipo ena anamwalira akadali achinyamata.

Mayiko ambiri akhala akukangana kwa zaka zochuluka pa funso limene lili kuseri kwa nkhaniyi. Chithandizo cha zaumoyo chikakhala m'manja mwa makampani ofuna phindu, mtengo wake umatsika kapena umakwera? Nanga chimafikira ndani? Anthu amakonda kukambirana za mtengo payokha, za chilungamo payokhanso, koma ziwirizi sizisiyana, pakuti mtengo ukakwera woyamba kutsalira pakhomo la chipatala ndi wosauka.

Oikira kumbuyo msika amanena mfundo yomveka. Amati pakakhala mpikisano, ogulitsa amakakamizika kutsitsa mitengo ndi kukometsa katundu wawo, chifukwa wogula akakhumudwa amapita kwina. Pamsika wa tomato zimenezi n'zoona ndithu. Mayi amatola tomato, kumutembenuza, kunenerera, ndipo akaona kuti wogulitsa wauma mtima amasunthira pa benchi lina, kapena kungotsimikiza kuti ndiwo za lero ziphikidwa popanda tomato. Munthu amene wagundidwa ndi galimoto alibe mwayi uliwonse mwa imeneyi. Chipatala chimene apite amamusankhira ndi a ambulansi. Sadziwa ngati akufunikadi opaleshoni. Wodziwa ndi dokotala, yemwe ndi amenenso alandire ndalama ya opaleshoniyo. Ndipo sanganene kuti ndibwera kumapeto kwa mwezi ndikalandira.

Katswiri wa zachuma wa ku America, Kenneth Arrow, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel, anazifotokoza bwino zimenezi mu 1963. Mfundo yake inali yoti matenda amabwera mosapanganika, mtengo wake sudziwika pasadakhale, ndipo wopereka chithandizo amadziwa zambiri kuposa wolandira, choncho malamulo wamba a msika sagwira bwino ntchito pa zaumoyo. Umboni wake uli ponseponse. Ku Brazil, amayi oposa 80 pa 100 alionse ochirira m'zipatala zolipira amachira mwa opaleshoni, pamene m'zipatala za boma chiwerengerocho n'chotsika pafupifupi ndi theka. Matupi a amayi olemera a ku Brazil sasiyana ndi a anzawo osauka. Chosiyana n'choti opaleshoni imaikidwa tsiku ndi ola, imatha msanga, ndipo imayenda bwino ndi mmene dokotala ndi chipatala amapezera ndalama.

Dziko limene lalola kwambiri kuti msika uyendetse zaumoyo ndi America, ndiye n'koyenera kuyambira kumeneko. Mu 2023 dzikoli linagwiritsa ntchito madola pafupifupi 4.9 thiliyoni pa zaumoyo, yomwe ndi 17.6 peresenti ya chuma chonse chimene linapanga chaka chimenecho. Mukagawa pa munthu aliyense ndi madola oposa 14,000. Britain, imene ili ndi ndondomeko ya zaumoyo ya boma yotchedwa NHS, yoyendetsedwa ndi misonkho kuchokera mu 1948, imawononga pafupifupi 11 peresenti ya chuma chake. Munthu akanayembekezera kuti ndalama zambiri chonchi zigula moyo wautali, koma ayi. Mu 2023 mwana wobadwa ku America ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka 78.4, pamene ku Britain zinali pafupifupi 81 ndipo ku Japan 84. Amayi omwalira pochira ku America ndi ochuluka kuposa m'mayiko ena onse olemera, ndipo amayi achikuda amamwalira pamlingo woposa kawiri wa azungu. Zoonadi, si zonse zimene mlandu wake uli pa zipatala. Mfuti, ngozi zapamsewu, kunenepa kwambiri ndi mankhwala ozunguza bongo zimadulanso miyoyo kumeneko. Komabe palibe amene angaloze pamene ndalama zowonjezerazo zagula thanzi lolingana nazo.

Ndalamazo zimapita kuti? Anthu a ku America sapita kwa dokotala kawirikawiri kuposa a ku Germany kapena Japan, ndiponso sakhalitsa m'chipatala. Amalipira zambiri pa chinthu chilichonse: jakisoni, bedi, sikani, opaleshoni, piritsi. Bungwe la kafukufuku la RAND linapeza kuti mu 2022 makampani a inshuwalansi ankalipira zipatala pafupifupi kawiri ndi theka ka ndalama zimene Medicare, sikimu ya boma ya okalamba, imalipira pa chithandizo chomwecho. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Medicare ndi wogula wamkulu amene amadziikira mtengo, pamene kampani iliyonse ya inshuwalansi imakambirana payokha ndi zipatala, ndipo m'mizinda yambiri zipatalazo zinaphatikizana kale kukhala gulu limodzi lopanda wopikisana nalo. Mtengo umene umatulukapo umatengera mphamvu za amene ali patebulo, osati ndalama zimene zalowa pochiza munthuyo.

Gawo lina lalikulu limathera pa mapepala. Chipatala chimalemba ntchito anthu ambirimbiri oti azilemba mabilu ndi kulondola ndalama, kampani ya inshuwalansi nayo imalemba ake oti azifufuza mabiluwo ndi kupeza zifukwa zowakanira. Akatswiri amasiyana pa chiwerengero chenicheni, koma ambiri amati pakati pa 15 ndi 30 peresenti ya ndalama za zaumoyo ku America zimathera pa ntchito za muofesi zoterezi. Onsewa amalandira malipiro kuchokera m'thumba la wodwala, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amamuyeza kutentha kwa thupi.

Inshuwalansi payokha si yoipa. Ndi njira yoti anthu ambiri azisonkha pang'onopang'ono kuti amene wagwa m'vuto lalikulu athandizidwe. Vuto limabwera pamene wosunga thumbalo phindu lake likhala ndalama zimene zatsala atalipira odwala. Zikatero, kasitomala wabwino amakhala wosadwala, ndipo wodwaladwala amaoneka ngati katundu wolemetsa. Kwa zaka zambiri makampani a ku America ankaloledwa kukana munthu chifukwa choti anadwalapo khansa kapena ali ndi shuga, kapena kumukwezera ndalama zolipira mpaka alephere yekha. Lamulo la Affordable Care Act, limene Barack Obama anasaina mu 2010, ndi limene linaletsa mchitidwewu, n'kulamulanso kuti makampaniwa azigwiritsa ntchito 80 kapena 85 peresenti ya zimene atolera pa chithandizo chenicheni. Lamuloli lisanabwere anthu oposa 45 miliyoni analibe inshuwalansi. Mu 2023 anali pafupifupi 26 miliyoni. Kusinthaku n'kwakukulu, ndipo kunabwera ndi lamulo la boma, msika sunachite wokha.

Anthu ambiri ogwira ntchito kumeneko amapeza inshuwalansi kudzera kwa owalemba ntchito. Zimenezi zinayamba mwangozi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma litaletsa kukweza malipiro, makampani n'kuyamba kukopa antchito ndi inshuwalansi ya chipatala m'malo mwa ndalama. Zotsatira zake n'zowawa: munthu akadwala kwambiri mpaka kulephera kugwira ntchito, amatha kutaya ntchito ndi inshuwalansi nthawi imodzi, pa nthawi yeniyeni imene akuifuna. Lamulo la mu 1986 limakakamiza zipatala kulandira aliyense amene wafika moyo uli pachiswe, kaya ali ndi ndalama kaya alibe, koma silimufafanizira bilu. Bilu imamutsatira kunyumba. Bungwe la KFF limati anthu a ku America ali ndi ngongole za chipatala zosachepera madola 220 biliyoni, ndipo ambiri mwa angongolewa ndi anthu oti inshuwalansi ali nayo, kungoti imawasiyira gawo lalikulu loti alipire okha. Pali amene amati kulipiritsa wodwala kangachepe kumathandiza kuti anthu asamathamangire kuchipatala ndi chimfine. Kafukufuku wamkulu amene RAND inachita m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti anthu akamalipira amachepetsadi kupita kuchipatala, koma amasiya chithandizo chofunika ndi chosafunika chomwe, chifukwa munthu wamba sangasiyanitse mutu wa kutopa ndi mutu wa kuthamanga kwa magazi.

Apa pali mfundo imene otsutsa makampani amakonda kuidumpha. Zipatala zambiri za ku America si za makampani ofuna phindu. Zoposa theka zinalembetsedwa ngati mabungwe osapanga phindu, ndipo za makampani ndi pafupifupi chimodzi pa zinayi zilizonse. Koma zambiri mwa zosapanga phinduzo zimalipiritsa mitengo yokwera chimodzimodzi, ndipo zina zakhala zikusumira odwala osauka kukhoti. Choncho chikwangwani cha pageti sichinena zonse. Malamulo akalola kuti wamphamvu aziika mtengo umene wafuna, ngakhale chipatala chimene chinayambitsidwa ndi mpingo chimaphunzira khalidwe la msikawo.

Izi sizikutanthauza kuti umwini ulibe kanthu. Kampani ya Columbia/HCA, imene pano ikutchedwa HCA Healthcare ndipo ndi yaikulu kwambiri pa makampani a zipatala ku America, inalipira boma madola 1.7 biliyoni pa milandu yolemba mabilu achinyengo imene inatha mu 2000 ndi 2003. M'zaka zaposachedwa kwabuka magulu a amalonda amene amagula zipatala ndi ngongole, ngongoleyo n'kuisenzetsa chipatala chomwecho, kugulitsa malo ndi nyumba zake, kuchepetsa anamwino, kenako n'kuchoka patatha zaka zochepa atatapa phindu. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2023 anapeza kuti zipatala zikagulidwa motere, mavuto amene odwala amawapeza ali m'chipatala momwemo, monga kugwa ndi matenda olowera pa machubu a m'mitsempha, amachuluka ndi 25 peresenti. Chipatala cha Hahnemann ku Philadelphia, chimene chinkathandiza osauka ambiri, chinatsekedwa mu 2019 chitangogulidwa kumene, ndipo Steward Health Care, imene inali ndi zipatala zoposa 30, inagwa mu 2024. Ine ndikaona zimenezi sindipeza chifukwa chomveka cholola kuti chipatala chizigulidwa ndi munthu amene akudziwiratu tsiku lochigulitsa.

Mbali inayo nayonso ili ndi zonena zake, ndipo n'zolemera. Mankhwala ambiri atsopano amatuluka m'makampani amene amathira ndalama zankhaninkhani pa kafukufuku amene nthawi zambiri amalephera. Popanda chiyembekezo cha phindu, ambiri sakanayesa n'komwe, ngakhale kuti maziko a kafukufukuyo kawirikawiri amalipiridwa ndi misonkho kudzera m'mayunivesite. Zipatala za boma nazo zili ndi nkhanza zake. Ku England mndandanda wa odikira chithandizo cha NHS unapitirira 7 miliyoni m'zaka zotsatira Covid-19, ndipo munthu wodikira opaleshoni ya chiuno chaka chathunthu sangatonthozedwe pomuuza kuti ndi yaulere. Ku India, dokotala Devi Shetty anayambitsa zipatala za Narayana, kampani yofuna phindu, zimene zimachita maopaleshoni a mtima ambiri patsiku pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ku America.

Nkhani ya ma ARV, imene aMalawi timaidziwa ndi misozi, imaonetsa mbali zonse ziwiri. Cha m'ma 2000 mankhwala otalikitsa moyo a munthu mmodzi ankagulidwa madola oposa 10,000 pachaka, anthu kuno akufa ngati kulibe mankhwala. Makampani 39 anasumira boma la South Africa chifukwa cha lamulo lofuna kupeza mankhwala otsika mtengo, ndipo anasiya mlanduwo mu 2001 dziko lonse litawakuwiza. Chaka chomwecho kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inalengeza kuti igulitsa mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pachaka. Cipla nayonso ndi kampani yofuna phindu. Chimene chinasintha n'choti mpikisano weniweni unaloledwa, ndipo panabwera ogula akuluakulu ngati Global Fund amene ankagula m'malo mwa odwala mamiliyoni. M'menemo ndi mmene Malawi inathera kuyamba kupereka ma ARV aulere mu 2004.

Mayiko amene akwanitsa kukhala ndi makampani m'zaumoyo popanda kusiya anthu kunja onse amachita chinthu chimodzi: pamakhala wina wamphamvu wonenerera mtengo m'malo mwa wodwala. Ku Germany kuli zipatala zambiri za makampani monga Helios ndi Asklepios, koma zimalipidwa potsata mitengo yokhazikitsidwa, ndipo mathumba a inshuwalansi a anthu ambiri, amene mizu yake ndi lamulo la mu 1883, sapanga phindu. Ku Switzerland aliyense amakakamizidwa kukhala ndi inshuwalansi kuchokera mu 1996, makampani saloledwa kukana munthu, ndiponso saloledwa kupanga phindu pa inshuwalansi yoyambira. Netherlands inatsata njira yofanana mu 2006. Ngakhale America yomwe yayamba kuyenda pang'ono njira imeneyi. Lamulo la mu 2022 linaika malire oti okalamba a pa Medicare asalipire zoposa madola 35 pamwezi pa insulin, n'kupatsa boma mphamvu yokambirana mitengo ya mankhwala ena, ndipo chaka chotsatira Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi analengeza kutsitsa kwambiri mitengo ya insulin wawo wina.

Kufupi ndi kwathu kuno, South Africa ndiye chitsanzo cha dziko logawanika pawiri. Anthu pafupifupi 16 pa 100 alionse ali pa masikimu a chipatala, koma pafupifupi theka la ndalama zonse za zaumoyo m'dzikomo limathera pa iwowo. Makampani atatu, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, ndiwo agwira gawo lalikulu la zipatala zolipira. Kafukufuku wa bungwe loona za mpikisano pa malonda, amene anatsogolera ndi mkulu wakale wa makhoti Sandile Ngcobo, anatha mu 2019 atapeza kuti mpikisano ndi wochepa, mitengo ikungokwera popanda umboni woti chithandizo chikupita patsogolo, ndipo odwala ena amagonekedwa kapena kupatsidwa chithandizo choposa chimene akufunika. Madokotala ambiri a ukatswiri wapadera ali mbali yolipirayo, pamene unyinji wa anthu, kuphatikizapo abale athu ambiri ogwira ntchito za m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ku Johannesburg ndi Cape Town, umadalira zipatala za boma zodzaza. Dokotala wa ku Wales, Julian Tudor Hart, analemba mu 1971 kuti chithandizo chabwino chimakonda kusowa kumene chikufunika kwambiri, makamaka msika ukasiyidwa kuti ulamule. Pulezidenti wa South Africa, Cyril Ramaphosa, anasaina lamulo la National Health Insurance mu 2024 pofuna kuphatikiza mbali ziwirizi, koma lamuloli linakumana ndi milandu kukhoti, ndipo nkhawa ya anthu yoti thumba lalikulu chotero lingabedwe si yopanda maziko.

Lesotho ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi dziko losauka ngati lathu. Boma lake linasaina mgwirizano wa zaka 18 ndi gulu la Tsepong, lotsogozedwa ndi Netcare, kuti limange ndi kuyendetsa chipatala chachikulu cha Queen 'Mamohato Memorial ku Maseru, ndipo nthambi ya World Bank yotchedwa IFC ndiyo inkapereka uphungu. Chipatalacho chinatsegulidwa mu 2011, chokongola, ndipo ofufuza anapeza kuti imfa za odwala zinatsika poyerekeza ndi chipatala chakale. Koma mu 2014 Oxfam inatulutsa lipoti lonena kuti chipatalachi ndi timakiliniki take zikudya 51 peresenti ya bajeti ya zaumoyo ya dziko lonse. Ena anatsutsa chiwerengerochi n'kunena kuti n'chocheperapo, koma palibe anakana kuti bilu inakula kuposa mmene analonjezera, anthu ambiri a dzikolo ali kumidzi kutali ndi Maseru. Mgwirizanowo unathetsedwa mu 2021, anamwino oposa 300 atachotsedwa ntchito chifukwa chonyanyala.

Kuno ku Malawi zipatala za boma sizilipiritsa, ndipo ichi n'chuma chimene mayiko ena a mu Africa anachitaya m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 atalangizidwa kuti azilipiritsa odwala, kenako n'kubwerera m'mbuyo: Uganda inachotsa malipirowo mu 2001, Zambia inayamba kuwachotsa m'madera akumidzi mu 2006. Komabe aliyense amene anadwazikapo amadziwa mawu oti "mankhwalawa atha, mukagule ku famase." Ulere wa papepala umathera pomwepo. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, zimene zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala, makamaka kumidzi, sizifuna phindu koma zimalipiritsa, ndipo mapangano amene boma limachita nazo kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere amasokonekera boma likachedwa kulipira. Ochepa okha ndi amene ali pa MASM kapena masikimu ena. Zipatala zikuluzikulu za boma zili ndi mbali yolipira, ndipo timakiliniki tolipira tikuchuluka m'tauni ndi m'misika. Ndalama zoposa theka za zaumoyo zakhala zikuchokera kwa mayiko ndi mabungwe akunja, ndipo kuimitsidwa kwa thandizo la America kumayambiriro kwa 2025 kunaonetsa kuti gwero limeneli likhoza kuuma tsiku lililonse.

Mpata umenewu udzadzazidwa ndi wina, ndipo makampani adzabwera ndi mapulani okongola. Sindikuona cholakwika kuti kampani imange labotale, ibweretse makina otsuka impso kapena iyendetse wodi, bola mtengo ukhale wogwirizana poyera, wodwala wosauka asabwezedwe pakhomo, ndipo dokotala amene boma linamuphunzitsa asamasowe mu wodi ya anthu wamba chifukwa ali mbali yolipira. Zimenezi zimafuna boma lodziwa kuwerenga mgwirizano ndi kulondola mabilu, luso limene Lesotho inalibe pamene inkasaina. Aphungu athu a Nyumba ya Malamulo aumirire kuti mgwirizano uliwonse wa boma ndi kampani ya zaumoyo uzifika m'Nyumbamo ndi kusindikizidwa kuti anthu auwerenge usanasainidwe, ndipo ndalama zotoleredwa m'mawodi olipira zizilengezedwa chaka ndi chaka pamodzi ndi zimene zagula.